Kuzilala kwa Mawu Akuti 'Kufisula' ndi 'Wofisula': Chitsanzo cha ku Mburuma

1.0 Mawu Oyamba

Mawu a chiyankhulo safa tsiku limodzi monga afera munthu. Amayamba asowa pakamwa pa ana, kenaka pakamwa pa makolo awo, ndipo potsiriza amatsala m'mabuku ndi m'makutu a okalamba okha. M'nkhani ino tikambirana za mneni mmodzi amene ali pa ulendo woterewu, ndiye 'kufisula', pamodzi ndi mawu awiri ochokera kwa mneniyo: 'mfisulo', kachakudya kamene munthu amadya m'mawa asanalowe m'ntchito kapena atangoweruka ntchito ya usiku, ndi 'wofisula', munthu amene akudya kachakudyako. Achinyamata ambiri a m'matauni a Malawi ndi Zambia sawagwiritsa ntchito mawuwa, ndipo ena akawamva amafunsa tanthauzo lake.

Mfundo yathu ndi yakuti anthu sadaleke kudya m'mawa. Chimene chikusintha ndi kagawidwe ka chakudya. Makolo ankasiyanitsa nsima ndi zina zonse zolowa m'kamwa, pamene mabuku a sukulu ndi moyo wa m'tauni zimagawa chakudya motsata koloko. 'Kufisula' ndi mneni wa kagawidwe koyambako, choncho akuzilala pamodzi nako. Tasankha dera la Mfumu Yaikulu Mburuma, m'boma la Luangwa ku Zambia, kukhala chitsanzo chathu chifukwa kumeneko mwana amaphunzira Chinyanja cha m'mabuku pamene kunyumba amalankhula chiyankhulo china, ndipo moyo wa m'chigwamo ukadali wa kulawirira kumunda ndi kumtsinje. Pamalo otere mphunzitsi ndiye amene angasunge mawu kapena kuwataya.

2.0 Malo ndi Ziyankhulo Zake

Boma la Luangwa lili m'chigawo cha Lusaka, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe. Dzina lakale la bomali ndi Feira, mawu a Chipwitikizi otanthauza msika, pakuti amalonda a Chipwitikizi ndi a ku Goa adakhazikika pamphambano ya mitsinjeyi kuyambira kumayambiriro a zaka za m'ma 1700. David Livingstone adadutsa m'dziko la Mfumu Mburuma mu Januwale 1856 ndipo adapeza mabwinja a nyumba za amalondawo ndi a tchalitchi chawo. Ansembe a Chijezwiti, atasamuka ku Mozambique pambuyo pa kusintha kwa boma la Portugal mu 1910, adaoloka Luangwa ndi kutsegula mishoni ya Katondwe.

M'bomali muli mafumu awiri: Mfumu Yaikulu Mburuma ya Ansenga-Luzi ndi Mfumu Mphuka ya Achikunda. Achikunda ndi zidzukulu za asilikali ndi alenje a m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi, amene mbiri yawo Allen ndi Barbara Isaacman adailemba m'buku lawo la 2004. Chiyankhulo chawo ndi chachibale ndi Chinyungwe ndi Chisena, ndipo tisawasokoneze ndi Akunda a ku Mambwe. Malcolm Guthrie adaika ziyankhulo zonsezi m'chigawo chimodzi cha N: Chinyanja ndi N31, Chinsenga N41, Chinyungwe N43 ndipo Chisena N44. Pa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia lidasankha kuti ziziphunzitsidwa m'sukulu, Chinyanja ndicho chidapatsidwa dera lino. Motero mwana wa ku Mburuma amachimva Chinyanja mosavuta, koma mawu ake akuya amakumana nawo koyamba m'kalasi, m'tchalitchi kapena pa wailesi.

Chigwachi ndi malo otsika koposa m'Zambia monse, otentha kwambiri, ndipo mvula imagwa yochepa. Mlimi amene afuna kugwira ntchito ayenera kulowa m'munda kusanatenthe, ndipo msodzi amakhala pamadzi usiku kapena mbandakucha. Nthawi imeneyo palibe amene waphika nsima. Munthu amanyamuka atadya zimene zapezeka: nsima yotsala dzulo, phala, dzungu, mbatata, chimanga chokazinga, kapena zipatso za m'chigwamo monga masawu ndi malambe. Kadyedwe kameneka ndiko kamene mneni wathu amanena.

3.0 Kapangidwe ka Mawuwa

3.1 Mneni

Tsinde la mneniyu ndi '-fisula'. Kumathero ake kuli mphatikiri '-ul-', amene m'Chichewa amadziwika bwino pa msintho wotsutsa, monga m'zitsanzo izi:

(1) a. tseka – tsekula
b. mata – matula
c. yala – yalula
d. khoma – khomola

Pa (1d) tikuona kuti '-ul-' amasanduka '-ol-' ngati lembo la liwu la m'tsinde ndi 'o'. Aneni onse anayiwa ali ndi anzawo owatsutsa. 'Kufisula' alibe mnzake wotere m'Chichewa cha lero, monganso alili aneni ena, mwachitsanzo 'kulankhula' ndi 'kutumbula', amene mphatikiriyu adamatirira patsinde mpaka kukhala gawo lake.

Ngakhale zili choncho, maonekedwe a mneniyu akugwirizana ndi ganizo limene timalipeza m'ziyankhulo zambiri, lakuti chakudya cha m'mawa chimamasula chimene usiku udamanga. Aswahili amati 'kufungua kinywa', kutsekula pakamwa, ndipo 'fungua' ndi msintho wotsutsa wa 'funga'. Mawu a Chifalansa akuti 'déjeuner' ndi a Chipwitikizi akuti 'desjejum' amatanthauza kuthetsa kusala kudya, ndipo 'breakfast' wa Chingerezi adapangidwa ndi ganizo lomwelo. Kutsidya kwa Zambezi, Chishona chili ndi mneni 'kusvusvura', wonena za kudya chakudya cha m'mawa kapena cha masana.

3.2 Dzina la Chakudya

'Mfisulo' ndi dzina la m'gulu la Mu-Mi. Lidapangidwa poika 'mu-' kumayambiriro a tsinde ndi kusintha lembo lomaliza 'a' kukhala 'o'. Njira imeneyi ndi yomwe idatipatsa 'msonkhano' kuchokera ku 'sonkhana', 'mpikisano' kuchokera ku 'pikisana', ndi 'mgonero' kuchokera ku 'gonera'. Mayina otere amanena za ntchito yeniyeniyo kapena chinthu chochitira ntchitoyo.

3.3 Dzina la Munthu

Apa ndi pamene pali nkhani yofunika. Chichewa chili ndi njira ziwiri zazikulu zotchulira munthu wochita ntchito. Yoyamba ndiyo kuika 'mu-' kumayambiriro ndi '-i' kumathero:

(2) mlimi, msodzi, mlembi, mphunzitsi

Mayina a pa (2) amanena za ntchito imene munthu amadziwika nayo masiku onse. Msodzi ndi msodzi ngakhale ali m'tulo. Malamulo a chiyankhulo sangatiletse kupanga dzina lakuti 'mfisuli', koma khutu la mwini chiyankhulo lingalikane, pakuti kufisula si luso kapena udindo wa munthu.

Njira yachiwiri ndiyo kuphatikiza 'wa' ndi 'ku-' wa mneni, ndipo ziwirizi zimafupikitsidwa kukhala 'wo-':

(3) a. wa + kulima – wolima
b. wa + kufisula – wofisula
c. wa + kudya – wakudya
d. wa + kumwa – wakumwa

Pa (3c) ndi (3d) kufupikitsako sikuchitika chifukwa tsinde lake ndi la phatikizo limodzi. N'chifukwa chake timati 'chakudya' ndi 'chakumwa'. 'Wofisula' ndi munthu amene akufisula panthawiyo. Akasamba m'manja, dzinalo lamuchoka.

N'zochititsa chidwi kuti chiyankhulo chili ndi mayina okhazikika a munthu wodya mopyola muyeso: 'wosusuka', 'wadyera', 'wankhuli'. Amenewa ndi makhalidwe amene mudzi umadzudzula, choncho amafunika dzina lomatirira pamunthu. Wodya pang'ono panthawi yake sadalakwire munthu, ndipo mudzi sudaone chifukwa chomupatsira dzina lokhalitsa. Chotsatira chake n'chakuti moyo wa mawu akuti 'wofisula' uli m'manja mwa mneni yekha. 'Mlimi' angakhalebe m'chiyankhulo pa yekha monga dzina, koma 'wofisula' amazimirira tsiku lomwe anthu aleka kunena kuti 'ndafisula'.

4.0 Umboni wa m'Mabuku

Umboni womveka bwino wa mmene mneniyu ankagwirira ntchito uli m'Buku Lopatulika, Baibulo la Chinyanja limene lidatuluka lathunthu mu 1922, ndipo ntchito yolimasulira adaitsogolera William H. Murray wa mishoni ya Dutch Reformed Church pamodzi ndi eni chiyankhulo amene ankamuthandiza. M'mutu 21 wa Uthenga wa Yohane muli nkhani ya asodzi amene adachezera usiku wonse panyanja, ndipo kutacha adapeza pamtunda moto wa makala, nsomba ili pamotopo, ndi mkate. Pa ndime 12 ndi 15 omasulirawo adagwiritsa ntchito mneni 'kufisula' pomasulira mneni wa Chigiriki wochokera ku dzina lakuti 'ariston', chakudya choyamba cha tsiku.

Pa umboniwu tikuphunzirapo zinthu zitatu. Choyamba ndi tanthauzo: kufisula ndi kudya koyamba pambuyo pa usiku, ndipo chakudya chake n'chosavuta kukonza, chodyera pomwepo pamchenga. Chachiwiri n'chakuti Baibulo limeneli lidakonzedwa kuti ligwirizanitse Chinyanja cha mamishoni osiyanasiyana, cha kummwera kwa Malawi ndi cha chigawo cha pakati, motero omasulira sakadasankha mawu amene owerenga ambiri sakadawamva. Zaka zana zapitazo 'kufisula' adali mneni wamba. Chachitatu n'chakuti Mabaibulo ena amene amasuliridwa pambuyo pake adasiya mneniyu ndi kulongosola ganizolo ndi mawu angapo onena za kudya chakudya cha m'mawa. Omasulira akayamba kulongosola chimene anzawo akale ankachinena ndi liwu limodzi, chimenecho ndi chizindikiro chakuti liwulo layamba kutalikira owerenga.

Msodzi wa pa Luangwa akamva nkhani ya pa Yohane 21 safuna womutanthauzira zochitikazo, pakuti kuwotcha nsomba pagombe kutacha ndi moyo wake. Chimene chamutalikira ndi liwu lokha.

5.0 Kudya ndi Kusadya

Kuti timvetse malo a mneniyu, tiyenera kuona mneni 'kudya' mmene eni ake amamugwiritsira ntchito. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ansenga ndi mitundu yoyandikana nayo, munthu wadya ngati wadya nsima. Audrey Richards, m'buku lake la 1939 lonena za minda, ntchito ndi chakudya cha Abemba a ku Northern Rhodesia, adalongosola kuti anthu amene adali atangotsiriza kukukuta chimanga chowotcha ankanenabe kuti sadadye kanthu tsiku lonse, chifukwa 'ubwali', nsima yawo, udali usanaphikidwe. Aliyense amene adakulira kumudzi kwa olankhula Chichewa adzawazindikira mayankhulidwe awa:

(4) a. Lero sitinadye, tangokukuta chimanga.
b. Ana aswera masawu.
c. Dzulo tinagonera maungu.
d. Wapita kumunda atamwa phala lokha.

Palibe bodza m'chiganizo cha (4a). Wolankhulayo akutsata lamulo la chiyankhulo chake, lakuti chilichonse chimene si nsima chili ndi mneni wake. Aneni ndi mayina a kadyedwe kameneka tingawagawe patatu.

Gulu loyamba limayang'ana mmene chakudyacho chimalowera m'kamwa. Timakukuta chimanga chokazinga, timatafuna nzimbe ndi misale, timabwira ufa kapena shuga, timanyambita uchi, timamwa phala ndi thobwa, ndipo timalawa chimene tatapako pang'ono.

Gulu lachiwiri limayang'ana kumene chakudyacho chachokera kapena ntchito yake. 'Mkute' ndi nsima yogona, imene ana amaiwotcha pamakala m'mawa. Ku Zambia imadziwika kwambiri ndi dzina lakuti 'chimbala'. 'Kamba' ndi chakudya cha paulendo, monga mbatata yophika, mtedza kapena chimanga chokazinga chomangidwa pakansalu.

Gulu lachitatu limayang'ana nthawi: kufisula m'mawa, kuswera usana, kugonera usiku. Koma aneni atatuwa salemera mofanana. 'Kuswera' ndi 'kugonera', amene ali mu msintho womchitira, akatsatiridwa ndi dzina la chakudya chimene si nsima amakhala ndi dandaulo mkati mwake. Mayi wonena chiganizo cha (4b) kapena (4c) akutiuza kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Pamene wonena kuti 'ndafisula mbatata' sakudandaula. Akunena kuti wadya chimene chili choyenera nthawi imeneyo, ndipo nsima ikubwera m'tsogolo.

Ichi ndicho chuma cha mneniyu. Pa aneni onse amene tawatchula, 'kufisula' ndiye amatchula chakudya chochepa monga chinthu chokwanira pa nthawi yake, chopanda manyazi ndi chopanda njala. Amaima pakati pa 'ndadya' ndi 'sindinadye'. Akachoka, pakatipo pamatsala mpata, ndipo wolankhula amakakamizika kusankha limodzi mwa mayankho awiri amene onse sakunena zenizeni.

6.0 Zimene Zikuzilalitsa Mawuwa

6.1 Tiyi

Chifukwa choyamba ndi chakumwa chatsopano. Tiyi adayamba kulimidwa pamalonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo ku Zambia minda ya nzimbe ya Nakambala ku Mazabuka idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960. Amuna a ku Feira, monga anzawo a ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland, ankapita kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Southern Rhodesia, ndipo pobwerera ankabwera ndi ketulo pamodzi ndi chizolowezi chake. Lero 'kumwa tiyi' kumatanthauza chakudya chonse cha m'mawa. Munthu amene wadya buledi, sikono, zitumbuwa kapena chinangwa chophika amangoti 'ndamwa tiyi'. Mawu awiriwa atenga ntchito yonse imene 'kufisula' ankagwira, koma abweretsa kusiyana kumene kale kudalibe. Tiyi amafuna ndalama za shuga, choncho nyumba imene ana ake adya chimbala m'mawa imaoneka ngati yasowa, pamene kale ana omwewo akadangotchedwa ofisula.

6.2 Zakudya Zitatu za m'Buku la Sukulu

Chifukwa chachiwiri ndi kaphunzitsidwe. Mabuku a sukulu amakonda kundandalika zakudya zitatu za tsiku, kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero, moyang'anizana ndi mayina atatu a Chingerezi. Mndandanda wotere umafuna dzina limodzi pa nthawi iliyonse, ndipo pa malo a m'mawa 'kadzutsa' ndiye wapambana. Chifukwa chake n'choonekeratu. 'Kadzutsa' amachokera ku 'dzutsa', msintho womchititsa wa 'dzuka', ndipo mwana aliyense amamva yekha kuti ichi ndi chakudya chodzutsa thupi. 'Mfisulo' sadzifotokoza wokha popeza tsinde lake lilibe abale odziwika. Mawu awiri akamalimbirana malo amodzi, kawirikawiri amatsala ndi amene tanthauzo lake lili poyera.

Koma 'kadzutsa' ndi dzina lopanda mneni wake. Sitinena kuti 'ndadzutsa' potanthauza kuti tadya m'mawa. Timati 'ndadya kadzutsa'. Potero mneni 'kudya' walowa m'dera limene kale silidali lake, ndipo munthu wodyayo watsala wopanda liwu limodzi lomutchulira.

6.3 Ziyankhulo Zoyandikana

Chifukwa chachitatu n'chakuti Mburuma ali pamphambano. Kutsidya ku Zumbo, monga m'Mozambique monse, chakudya cha m'mawa ndi 'mata-bicho', mawu a Chipwitikizi otanthauza kupha kachilombo, amene poyamba ankanena za kachakumwa kaukali komwera m'mimba mopanda kanthu. Amozambiki adapangirapo mneni 'matabichar', umboni wakuti chiyankhulo chimafunadi mneni pa malo amenewa. Kumadzulo kuli Lusaka, kumene Chinyanja cha m'tauni chimabwereka mayina a zakudya ku Chingerezi mosaumira. Mnyamata wogulitsa nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa, pamsewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, amalankhula ndi apaulendo a ziyankhulo zonsezi, ndipo amasankha mawu amene wogula amva msanga.

6.4 Mawu Atsopano

Sitinganene kuti chiyankhulo chikungotaya. Ku Malawi kwafala mawu akuti 'zokhwasulakhwasula', ochokera kwa mneni 'kukhwasula' mu msintho wobwerezabwereza. Mawuwa amanena za tizakudya todya nthawi iliyonse, kawirikawiri togula kapena togawidwa pamisonkhano ndi pazisangalalo. Ali ndi moyo wamphamvu, koma sakulowa m'malo a 'mfisulo'. Wokhwasula amadya chifukwa chakukondwa, pamene wofisula amadya kuti akagwire khasu kapena nkhafi.

Zoterezi zachitikanso kwina. Chingerezi chidali ndi mawu akuti 'nuncheon', kachakudya kapena kachakumwa ka masana, amene Jane Austen adawagwiritsabe ntchito m'buku lake la 1811, koma lero adakankhidwa ndi 'lunch'. Ku France 'déjeuner' adasuntha kuchoka m'mawa kufika masana pamene nthawi zodyera za anthu a m'mizinda zidasintha, ndipo padafunika mawu atsopano a chakudya cha m'mawa. Paliponse mawu a chakudya amatsata nthawi ya ntchito.

7.0 Phindu Lake kwa Mphunzitsi ndi Wofufuza

7.1 Kusamala ndi Chizindikiro Chakuti 'Mawu Akale'

Tiyenera kusiyanitsa masitepe atatu. Pali mawu amene anthu amalankhula, pali amene amawamva koma osawalankhula, ndipo pali amene atsala m'mabuku mokha. 'Kufisula' sali pa sitepe imodzi paliponse. Kwa gogo wa kumudzi ali pa yoyamba, kwa mkulu wa mpingo wowerenga Buku Lopatulika ali pa yachiwiri, ndipo kwa mwana wa ku Matero kapena ku Ndirande ali pa yachitatu. Mabuku otanthauzira mawu amene tili nawo, kuyambira la David Clement Scott la 1892, limene Alexander Hetherwick adalikonzanso mu 1929, kufikira Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies wa 2000 ndi mabuku a Steven Paas, adatsamira kwambiri pa malankhulidwe a ku Malawi. Wolemba mtanthauziramawu akafuna kunena kuti liwu ndi lakale, anene kuti ndi lakale kwa yani ndiponso kuti.

7.2 M'kalasi

Ndondomeko ya chiyankhulo chophunzitsira ku Zambia yasintha kangapo. Mu 1966 lamulo la maphunziro lidakhazikitsa Chingerezi kuyambira giredi 1, mu 1977 Unduna wa Maphunziro udavomereza kalembedwe ka ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zija, ndipo mu 2014 ziyankhulozo zidapatsidwa ntchito yophunzitsira m'magiredi 1 mpaka 4. Pa kusintha konseku vuto la mphunzitsi wa ku Mburuma lakhala limodzi: buku lili m'Chinyanja, mwana wabwera ndi Chinsenga kapena Chikunda. Tikupereka malangizo anayi.

Choyamba, mphunzitsi asayambe ndi mndandanda wa zakudya zitatu. Ayambe ndi kufunsa ana chimene chalowa m'kamwa mwawo chidzukire, ndi mmene agogo awo amachitchulira m'chiyankhulo cha kunyumba. Mawu amenewo alembedwe pa bolodi pambali pa a m'buku.

Chachiwiri, 'kufisula', 'mfisulo' ndi 'wofisula' aphunzitsidwe pamodzi monga banja limodzi. Ndi chitsanzo chabwino cha kapangidwe ka mayina kuchokera kwa aneni, ndipo mwana amene wachimvetsa adzamvetsanso 'gonera', 'mgonero' ndi 'wogonera'. Liwu lophunzitsidwa lokha limaiwalika msanga kuposa liwu lophunzitsidwa ndi abale ake.

Chachitatu, mwana wolemba 'chimbala' kapena 'cimbala', monga kalembedwe ka ku Zambia kafunira, asachongedwe kuti walakwa chifukwa buku lanena 'mkute'. Onsewo ndi mawu a olankhula Chinyanja.

Chachinayi, mphunzitsi asamale kuti phunziro la zakudya lisachititse manyazi mwana amene kwawo kulibe tiyi. Chithunzi cha m'buku cha banja lokhala patebulo ndi makapu chingauze mwana wa msodzi kuti kwawo sadya m'mawa. Mneni 'kufisula' amamupatsa mwanayo liwu laulemu lonenera zimene amachita tsiku ndi tsiku.

7.3 Pofunsa za Kadyedwe

Nkhaniyi ikukhudzanso azaumoyo ndi onse ofufuza za njala. Funso lakuti 'Mwadya kangati lero?' limawerenga nsima yokha. M'nyengo ya zokolola mayi angayankhe kuti 'kamodzi' pamene ana ake akhuta maungu, mtedza ndi chimanga chachiwisi. M'nyengo ya njala yankho lomwelo lingabise kuti kupatula nsima imodziyo ana aswera masawu okha. Mayankho awiriwa ndi ofanana papepala, koma mabanja ake ali kutali ndi kutali. Wofunsa amene akudziwa aneni a m'gawo 5.0 adzafunsa mosiyanitsa: anafisula chiyani, aswera chiyani, agonera chiyani. Womasulira mafunso kuchokera ku Chingerezi akaika 'kudya' paliponse, ziwerengero zotsatira zidzanena za mneni wa Chingerezi osati za mimba za ana.

8.0 Mawu Omaliza

M'nkhani ino taona kuti 'wofisula' si dzina lokhazikika monga 'mlimi', ndipo moyo wake umadalira mneni 'kufisula'. Taona kuti mu 1922 mneniyu adali wodziwika mokwanira kulowa m'Baibulo lokonzedwera olankhula Chinyanja onse, ndi kuti ntchito yake idali yotchula chakudya chochepa cha m'mawa popanda kuchiyesa nsima ndi popanda kuchiyesa njala. Tiyi, mndandanda wa zakudya zitatu ndi ziyankhulo za m'misika zamulanda malo, koma palibe liwu limodzi limene latenga ntchito yake yonse.

Sitikupempha kuti anthu aleke kunena 'kadzutsa' kapena 'kumwa tiyi'. Chiyankhulo ndi cha eni ake, ndipo amachisintha monga moyo wawo ufunira. Pempho lathu lili kwa aphunzitsi ndi ofufuza a m'madipatimenti a ziyankhulo, kuti mawu a kadyedwe a m'Chinsenga cha ku Mburuma ndi m'Chikunda cha kwa Mphuka alembedwe okalamba akadalipo, ndi kuikidwa pambali pa a Chinyanja cha m'mabuku. Ntchito imeneyi safuna zipangizo zambiri. Mphunzitsi wa giredi 5 amene ali ndi kope ndi ana okonda kufunsa agogo awo angathe kuiyamba sabata ino.